Madzi a m'dziwe losambiramo akachita mbuu: gwero la vutoli ndi kakonzedwe kake

Mu June 2011, mumzinda wa Fall River m'chigawo cha Massachusetts ku America, mayi wina anamira m'dziwe losambiramo la boma, ndipo thupi lake linapezeka patapita masiku awiri, anthu ena atakhala akusambirabe m'dziwe lomwelo osadziwa kanthu. Chimene chinabisa thupilo ndi madzi enieniwo, amene anali atachita mbuu moti munthu woima m'mphepete sakanatha kuona pansi kumbali yakuya. Anthu ambiri amaona kuvunduka kwa madzi a m'dziwe ngati vuto la maonekedwe chabe, lochititsa manyazi pamaso pa alendo, pamene ndi nkhani yokhudza moyo wa munthu. Malangizo a kasamalidwe ka maiwe osambiramo anthu onse amene bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, linatulutsa koyamba mu 2014 amanena mosapita m'mbali kuti dziwe liyenera kutsekedwa ngati chibowo chokokera madzi chimene chili pansi pake sichikuoneka. Mwana akamamira nthawi zambiri sakuwa, ndipo womupulumutsa amadalira maso okha. Kuwonjezera apo, madzi a mbuu kawirikawiri amasonyeza kuti klorini wagonja, kutanthauza kuti tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba, a m'makutu ndi a pakhungu tapeza mpata.

Nkhaniyi si ya kutali ndi ife. Malo ogona alendo a ku Mangochi ndi ku Salima, mahotela a ku Lilongwe ndi ku Blantyre komanso sukulu zina zili ndi maiwe, ndipo abale athu ambiri amene amasamalira mabwalo a nyumba ku Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town amapatsidwanso udindo woyang'anira dziwe popanda wowaphunzitsa. Madzi akada, chimene ambiri amathamangira ndi kuthira makapu ena a klorini kapena kugula botolo lolembedwa kuti limayeretsa madzi tsiku limodzi. Nthawi zina zimathandiza, koma nthawi zambiri ndalama zimapita ndipo mbuu uja amabwerera pakatha sabata. Ine ndikuona kuti cholakwika chili pa kuganiza kuti mbuu ndi matenda amodzi okhala ndi mankhwala amodzi. Mbuu ndi chizindikiro chimene zinthu zingapo zosiyana zimabweretsa, ndipo mankhwala othetsa chimodzi mwa izo angathe kukulitsa chinzake.

Chimene maso amaona ngati mbuu ndi tizinthu tambirimbiri tating'ono kwambiri timene tikuyandama m'madzi n'kumamwaza kuwala. Kukula kwake timakuyeza m'mamaikiloni, ndipo mumilimita imodzi muli mamaikiloni 1,000. Tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi mamaikiloni 70, pamene mabakiteriya ambiri ndi a maikiloni imodzi kapena awiri. Sefa ya mchenga, imene ndiyo yofala kwambiri kuno kum'mwera kwa Africa, imagwira tizinthu ta mamaikiloni 20 mpaka 40 kupita m'mwamba. Sefa ya cartridge, yokhala ndi nsalu yopindapinda mkati mwake, imagwira mpaka 10 kapena 20, ndipo ya ufa wosalala kwambiri wotchedwa DE imatsika mpaka pansi pa 5. Apa n'zoonekeratu kuti pali tizinthu tambiri timene timangodutsa mumchenga n'kubwereranso m'dziwe. Tizinthu timeneti tingakhale tamoyo, monga ndere zimene zangoyamba kuswana. Tingakhale michere ya m'madzi momwemo imene yasiya kusungunuka. Kapena fumbi, dothi ndi mafuta odzola ochokera kunja. Ntchito yoyamba ya wosamalira dziwe ndi kuzindikira kuti akulimbana ndi chiti.

Poyambira pake ndi potchipa: tungani madzi a m'dziwemo m'tambula yoonekera mkati, muiike pamalo owala, ndipo mudikire mphindi zochepa. Ngati madziwo ayamba kuyera kuchokera pansi kupita m'mwamba, mbuu ameneyo ndi timathovu ta mpweya, ndipo vuto lili pa paipi kapena pa chivundikiro cha pampu chimene chikulowetsa mpweya, kapenanso madzi atsika kwambiri moti pampu ikukoka mpweya. Pamenepo sipafunika mankhwala alionse. Ngati pakatha usiku pansi pa tambulapo pakhazikika zoyera kapena zofiirira, ndiye kuti tizinthuto n'tolemera mokwanira ndipo sefa yabwino iyenera kutigwira. Mtundu wa madziwo nawo umanena zambiri. Mbuu woyera ngati madzi otsukira mpunga amaloza ku kashiamu kapena ku ndere zakufa. Wobiriwira pang'ono, makoma akuterera, ndi ndere zamoyo. Wofiirira amaloza ku dothi kapena ku ayironi.

Ngakhale anthu amakonda kuyamba ndi mankhwala, mbali imene imalakwika kawirikawiri ndi ya pampu ndi sefa. Tiyerekeze dziwe la mamita 8 m'litali, 4 m'lifupi ndi 1.5 kuya kwake, limene limasunga malita 48,000. Pampu yokoka malita 10,000 pa ola imafuna pafupifupi maola 5 kuti idutsitse m'sefa madzi ochuluka ngati a dziwe lonselo. Koma izi sizitanthauza kuti pakatha maola 5 dontho lililonse lasefedwa, chifukwa madzi oyera akamabwerera amasakanikirana ndi akuda, ndipo pampu imakokanso ena amene yasefa kale. Akatswiri awiri, Gage ndi Bidwell, anafotokoza masamu ake mu 1926: ulendo woyamba umachotsa pafupifupi 63 peresenti ya zoipa zimene sefa ingagwire, maulendo awiri 86, atatu 95, anayi 98. N'chifukwa chake dziwe limene pampu yake imangoyenda maola 3 kapena 4 pa tsiku pofuna kupulumutsa ndalama za magetsi limayamba kuda pang'onopang'ono ngakhale mankhwala ali bwino. M'nyengo yotentha dziwe la pakhomo limafuna maola 8 mpaka 12 pa tsiku, ndipo likada kale pampu iyenera kuyenda usana ndi usiku kufikira madzi atayera.

Kuzima kwa magetsi, kumene tonse tikukudziwa kuno kwathu, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, kumasokoneza zimenezi m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yodziwikiratu, yakuti pampu imaima ndipo madzi osayenda, otenthedwa ndi dzuwa, ndi munda wa ndere. Yachiwiri imaiwalika: kawotchi kozungulira kamene kamayatsa ndi kuzimitsa pampu, ngati kalibe batire, kamaima magetsi akazima, ndiye pakatha masiku angapo nthawi yake imakhala itasokonekera, ndipo maola amene mwini nyumba akuganiza kuti pampu ikuyenda angakhale omwewo amene kulibe magetsi. Magetsi akasowa tsiku lonse, ndi bwino kusungunula klorini m'ndowa, kumuthira mozungulira dziwe lonse, kenako kukwecha makoma ndi pansi ndi bulashi kuti madzi atakasike.

Sefa ya mchenga imanena za umoyo wake kudzera pa geji imene ili pamwamba pake, yoonetsa mphamvu imene madzi akukankha nayo pa muyeso wa kPa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti pa maiwe ambiri gejiyi inafa kalekale osasinthidwa, pamene mtengo wake ndi wochepa. Mchenga ukangotsukidwa, lembani nambala imene geji ikuonetsa. Nambalayi ikakwera ndi 50 mpaka 70 kPa, mchenga wadzaza ndipo nthawi yotsuka yakwana. Zimitsani pampu musanatembenuze valavu ya pa sefa yosankhira kopita madzi, iikeni polembedwa kuti Backwash, yatsani kwa mphindi 2 kapena 3 kufikira madzi a m'kagalasi koonera atayera, zimitsaninso, ikani pa Rinse kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi, kenako bwererani pa Filter. Amene amadumpha Rinse amaona mtambo wa zinyalala ukutuluka m'timipopi tobwezera madzi, ndipo amakhala atabweza m'dziwe zimene amafuna kutaya. Geji ikatsika kuposa masiku onse, vuto lili madzi asanafike pa pampu: kadengu kogwira masamba kadzaza, kapena paipi yatsekeka. Kutsuka mchenga tsiku lililonse popanda chifukwa nakonso sikuthandiza, pakuti mchenga wokhala ndi litsiro pang'ono umagwira tizinthu tating'ono kuposa mchenga wongotsukidwa kumene.

Mchenga nawo umakalamba. Pakatha zaka 3 mpaka 5 umakhala utamatana ndi mafuta odzola ndi kashiamu n'kuuma mabuluma, ndipo madzi amadzibowolera tinjira todutsamo osasefedwa konse. Zikatero geji imaoneka bwino, pampu imalira bwino, koma madzi sayera. Mukaona mchenga utaunjikana pansi pafupi ndi timipopi tobwezera madzi, timapaipi ta pansi pa sefa tathyoka. Ndipo rabala ya mkati mwa valavu ikang'ambika, madzi ena amalambalala mchenga n'kubwerera m'dziwe momwe analili. Zonsezi palibe botolo la mankhwala limene lingazikonze.

Tikabwera ku mankhwala, nambala ziwiri zoyamba kuyeza ndi klorini ndi pH, nambala imene imatsika asidi akachuluka m'madzi n'kukwera akachepa, ndipo ziwirizi siziyenda padera. Klorini ndi yemweyo amene timamudziwa m'botolo la WaterGuard ndi mu ufa wa HTH umene azaumoyo amagwiritsa ntchito pa nthawi ya kolera. M'dziwe, klorini womasuka, amene sanagwirane ndi choipa chilichonse, ayenera kukhala pakati pa 1 ndi 3 ppm, ndipo ppm imodzi ndi galamu imodzi m'malita 1,000. Akalowa m'madzi amagawikana mitundu iwiri: wina wamphamvu kwambiri pakupha tizilombo, wina wofooka. Chimene chimagamula kuchuluka kwa aliyense ndi pH. M'madzi opanda stabiliser, mankhwala oteteza klorini ku dzuwa, pa pH ya 7.0 pafupifupi magawo atatu mwa anayi a klorini amakhala a mtundu wamphamvu, pa 7.5 ndi theka, pa 8.0 amangotsala pafupifupi gawo limodzi mwa anayi. Choncho munthu angathe kuona pa choyezera chake kuti klorini alipo wokwanira, koma ngati pH yakwera, mphamvu yake yambiri yagona. Mulingo woyenera wa pH ndi 7.2 mpaka 7.6, osapitirira 7.8. Pa maiwe ambiri imakonda kukwera yokha, makamaka pamene pali kasupe wokongoletsa kapena makina opanga klorini kuchokera ku mchere, ndipo imatsitsidwa ndi asidi wa hydrochloric kapena ufa wa sodium bisulphate. Ikamakwera msanga mobwerezabwereza, yezani alkalinity, muyeso wa michere yolimbana ndi asidi m'madzi, imene iyenera kukhala pakati pa 80 ndi 120 ppm. Ikapyola pamenepo imakokera pH m'mwamba nthawi zonse.

Pali chikhulupiriro chakuti dziwe likamanunkha klorini kwambiri ndiye kuti wachuluka. Zoona zake n'zotembenuka. Fungo lolasa mphuno ndi kufiira kwa maso zimachokera kwa klorini womangika, amene wagwirana ndi thukuta, mkodzo ndi zotuluka pakhungu n'kupanga ma chloramine, amene mphamvu yawo yopha tizilombo ndi yochepa. Kafukufuku wa ku University of Alberta ku Canada, wofalitsidwa mu 2017, anayerekeza kuti m'dziwe lina la malita 830,000 munali malita pafupifupi 75 a mkodzo. Choyezera cha mapilitsi a DPD chimathandiza kusiyanitsa: pilitsi la DPD 1 limaonetsa klorini womasuka, la DPD 3 likawonjezedwa limaonetsa yense pamodzi, ndipo kusiyana kwa nambala ziwirizi ndiko klorini womangika. Akapitirira 0.5 ppm, dziwe likufuna klorini wowonjezera wambiri nthawi imodzi, osati wochepetsedwa. Ichi ndicho chifukwa chake dziwe limene linali loyera Loweruka m'mawa limadzuka la mbuu Lamlungu pambuyo pa phwando la ana: anthu ambiri, mafuta odzitetezera ku dzuwa, udzu wa kumapazi, zonse zadya klorini kufikira watha. Kusamba pa shawa musanalowe m'dziwe kumachepetsa katundu ameneyu kuposa mmene ambiri amaganizira.

Vuto lobisika koposa, limene limazunguza ngakhale anthu osamala, ndi la asidi wa cyanuric, amene m'masitolo amagulitsidwa ndi dzina loti stabiliser. Dzuwa lamphamvu limawononga klorini wambiri wosatetezedwa m'maola ochepa chabe, ndipo stabiliser amamugwirizira kuti asathe msanga. Pa mulingo wa 30 mpaka 50 ppm ndi wothandiza kwambiri. Koma mapilitsi aakulu a trichlor, aja amaikidwa m'zoyandama, ali ndi stabiliser mkati mwake, ndipo pa 10 ppm iliyonse ya klorini amasiya pafupifupi 6 ppm ya stabiliser. Klorini amatha, koma stabiliser satha ndipo sauluka ndi nthunzi. Dziwe limene limadya 2 ppm ya klorini pa tsiku kuchokera m'mapilitsi okhaokha limawonjezera pafupifupi 36 ppm ya stabiliser pa mwezi, moti pakatha miyezi itatu likhoza kupyola 100 ppm ngati madzi sakusinthidwa. Pamenepo klorini wambiri amakhala wogwidwa, choyezera chimaonetsa 2 kapena 3 ppm monga kale, koma ndere zimamera osaopa. Mwini dziwe amawonjezera mapilitsi ena, ndipo pochita zimenezo akuwonjezera chomwe chikumuvutacho. Njira yodalirika yotsitsira stabiliser ndi kutaya madzi ena n'kuthira atsopano. Kusintha theka la madzi kumatsitsa mulingo wake ndi theka. Imeneyi si nkhani yopepuka kumene madzi ndi osowa. Pa chilala cha ku Cape Town cha 2017 ndi 2018 kudzaza maiwe ndi madzi a m'mipopi kunaletsedwa. N'chifukwa chake ndi nzeru kuyeza stabiliser kamodzi pa mwezi, ndipo akafika 50 ppm kusiya mapilitsi n'kugwiritsa ntchito klorini wa ufa kapena wamadzi amene alibe stabiliser.

Kuti mankhwala amodzi angathe kupha mphamvu ya anzake, dziko lonse linaona pa masewero a Olympics a mu 2016 ku Rio de Janeiro. Pa 9 August madzi a dziwe lodumphiramo pa Maria Lenk Aquatics Centre anasanduka obiriwira, ndipo dziwe loyandikana nalo linatsatira. Oyendetsa masewerowo anafotokoza kuti masiku angapo m'mbuyomo m'maiwemo munathiridwa malita 160 a hydrogen peroxide, mankhwala amene amathetsa klorini akakumana naye, ndipo zamoyo zinapeza danga loswana. Pamapeto pake madzi a dziwe lalikulu, malita oposa 3 miliyoni, anachita kuwapopa n'kuthira ena kuti mpikisano wovina m'madzi uchitike, popeza osewera ake amafunika kuonana pansi pa madzi. Wosamalira dziwe la pakhomo kapena la pa loji atengepo phunziro lakuti asathire botolo lililonse limene sakudziwa kuti lichita chiyani likakumana ndi zimene zili kale m'madzimo.

Mbuu woyera wa kashiamu uli ndi khalidwe lakelake. Madzi amatha kusunga kashiamu wosungunuka mpaka pa malire ena, ndipo malirewo amatsika pH ikakwera, alkalinity ikachuluka, kapena madzi akatentha, pakuti mchere wa kashiamu wotchedwa calcium carbonate amasungunuka movutikira m'madzi ofunda kuposa ozizira. Malire akapyoledwa, kashiamu amatuluka ngati fumbi loyera losalala kwambiri, ndipo ena amamatirira pa matailosi ngati nkhanambo. Wilfred Langelier wa ku University of California ku Berkeley anakonza mu 1936 njira yowerengera ngati madzi ali pafupi ndi malirewa, ndipo mpaka lero osamalira maiwe amaigwiritsa ntchito, akumafuna kuti nambala yake isatalikire ziro ndi kupitirira 0.3 mbali iliyonse. Kashiamu woyenera ndi 200 mpaka 400 ppm. Klorini wa ufa wa mtundu wa HTH ndi calcium hypochlorite, ndipo pa 10 ppm iliyonse ya klorini amasiya pafupifupi 7 ppm ya kashiamu, amene nayenso sauluka madzi akamaphwa ndi dzuwa. Kumwaza ufawu wouma m'madzi a pH yokwera kumabweretsa mtambo woyera pompopompo, ndipo soda ash wothiridwa wambiri nthawi imodzi amachita chimodzimodzi. Mbuu wotere kawirikawiri amatha pH ikatsitsidwa kufika pa 7.2, pampu ikuyenda. Amene angathirepo klorini wina wa ufa, poganiza kuti ndi ndere, akungokulitsa mtambowo.

Amene amadzaza dziwe ndi madzi a pa mjigo ali ndi nkhani ina. Madzi a pansi pa nthaka angakhale ndi kashiamu wambiri, komanso ayironi kapena manganese wosungunuka amene saoneka ndi maso. Madziwo amalowa m'dziwe ali oyera mbee, koma klorini akangothiridwa, ayironi amasanduka dzimbiri ndipo dziwe limafiira kapena kubiriwira m'maola ochepa. Chosiyanitsa ndi ndere n'chakuti mtundu ukusintha klorini atathiridwa kumene, ndipo makoma sakuterera. Apa pamafunika mankhwala ogwira zitsulo m'madzi, othiridwa klorini wambiri asanalowe, kapena kusiya dzimbirilo likhazikike pansi n'kulikokera kunja. Kuyezetsa madzi a mjigowo musanadzaze dziwe kumapulumutsa ku zothimbirira zimene zimavuta kuchotsa pa simenti.

Nyengo nayo imathandizira. Mu September ndi October mphepo imanyamula fumbi ndi phulusa la moto wa kutchire, maluwa a jakaranda amayoyokera m'madzi, ndipo kutentha kumafulumizitsa ndere pamene dzuwa likudya klorini. Mvula yoyamba ya mu November kapena December imakokolola dothi ndi feteleza wa pa kapinga, amene ali ndi nitrogen ndi phosphate, chakudya cha ndere. Dongo ndi losalala moti limatha kuyandama masiku ambiri osakhazikika. Ngalande yopatutsa madzi a mvula kuti asalowe m'dziwe imachita zambiri kuposa mankhwala a miyezi ingapo.

Tsono pokonza, ndondomeko ya zochita ndi yofunika mofanana ndi mankhwala ake. Choyamba dziwe litsekedwe, masamba ndi zinyalala zivuulidwe, timadengu titsukidwe, sefa itsukidwe, ndipo timipopi tobwezera madzi tiloze cha pansi mbali imodzi kuti madzi azizungulira. Kenako pH itsitsidwe kufika pa 7.2 klorini wambiri asanathiridwe, chifukwa klorini akapyola 10 ppm madontho oyezera pH a phenol red amaonetsa pH yokwera mwabodza. Ndiyeno madzulo, dzuwa litapepa, klorini akwezedwe kufika pa 10 mpaka 20 ppm malinga ndi kuchuluka kwa stabiliser. Pa dziwe lathu la malita 48,000 lija, ppm imodzi imafuna magalamu pafupifupi 70 a ufa wa mphamvu ya 65 mpaka 70 peresenti, choncho 10 ppm ndi magalamu pafupifupi 700, osungunulidwa m'ndowa ya madzi pang'onopang'ono. Makoma, masitepe ndi m'makona zikwechedwe tsiku lililonse, pakuti ndere zimadziphimba ndi utoto woterera umene klorini salowa msanga. Cholakwika chofala ndi kuthira kamodzi n'kusiya. Klorini ayenera kuyezedwa ndi kubwezeretsedwa pa mulingo womwewo kangapo pa tsiku, apo ayi ndere zotsala zimaswananso. Madzi obiriwira akasanduka otuwa, ndere zafa, ndipo yotsala ndi ntchito ya sefa, imene ingatenge masiku 3 mpaka 5 kapena kuposerapo. Kuti mudziwe ngati zamoyo zatheratu, yezani klorini usiku dzuwa litalowa ndiponso m'mamawa lisanatuluke. Akatsika ndi 1 ppm kapena kucheperapo, nkhondoyo yatha. Dziwaninso kuti klorini wochuluka kwambiri amafufuta mtundu wa DPD n'kuoneka ngati mulibe, choncho madzi oyezawo asakanizidwe ndi ena opanda klorini, kenako nambala ichulukitsidwe moyenera. Asambe anthu pokhapokha klorini atatsikanso kufika pa mulingo wa masiku onse.

Mankhwala oyeretsa aja amene ambiri amayamba nawo, malo awo ndi pano, kumapeto. Alipo a mitundu iwiri. Clarifier amamata tizinthu tating'ono kukhala timagulu tokulirapo timene sefa ingagwire. Amagwira ntchito pampu ikuyenda, ndi oyenera mbuu wochepa, ndipo akathiridwa mopyola muyeso amachititsa tizinthuto kukankhana m'malo momatana, madzi n'kuda kuposa kale. Flocculant, amene kawirikawiri ndi aluminium sulphate, mankhwala omwe amagwiritsidwanso ntchito m'malo oyeretsera madzi akumwa a m'mizinda, amapanga zibuluma zolemera zimene zimamira. Valavu imaikidwa pa Recirculate kwa maola pafupifupi 2 kuti mankhwala afalikire osadutsa mumchenga, pampu imazimitsidwa usiku wonse, makina oyenda okha pansi monga Kreepy Krauly amachotsedwa, ndipo m'mawa zokhazikikazo zimakokedwa ndi vakyumu mwapang'onopang'ono valavu ili pa Waste, potayira madzi kunja. Kufulumira kumavundula zonse. Njirayi imataya madzi ambiri ndipo si yoyenera sefa ya cartridge, koma pa dziwe lolowa matope a mvula ndiyo yachidule. Mitundu iwiri yonseyi siipha kachilombo kalikonse.

Ndikufuna kutsindika za chitetezo cha munthu wogwira mankhwalawa, chifukwa kawirikawiri ndi wantchito amene sanapatsidwe magolovesi kapena magalasi oteteza maso. Klorini wa ufa asakumane ndi mapilitsi a trichlor m'ndowa, m'kapu kapena m'choyandama chimodzi, pakuti zimatentha mpaka kuphulika. Asidi akakumana ndi klorini amatulutsa mpweya wa poizoni wowononga mapapo, choncho zisungidwe motalikirana, pamalo ouma ndi opita mphepo, ndipo zisathiridwe m'dziwe nthawi imodzi. Mankhwala ndiwo amathiridwa m'madzi, osati madzi m'mankhwala. Olemba ntchito ali ndi udindo wogula zodzitetezera ndi choyezera chabwino, m'malo mongodzudzula madzi akada.

Madzi oyera nawo asatipusitse kuti mulibe choopsa. Kachilombo ka Cryptosporidium, koyambitsa kutsegula m'mimba, n'ka mamaikiloni 4 mpaka 6, kotero kamatha kudutsa mumchenga, ndipo kamakhala ndi moyo masiku oposa 7 m'madzi a klorini wa mulingo woyenera. Wotsegula m'mimba asalowe m'dziwe, ndipo amene wapezeka ndi kachilomboka adikire masabata awiri atachira.

Ngati zonsezi zachitika, pampu yayenda masiku angapo, klorini sakutsikanso usiku, koma mbuu akadalipo, tsegulani sefa muone mchenga ndi manja anu, chifukwa nthawi zambiri yankho limapezeka mmenemo. Ndipo tengani madzi mupite nawo kumene amayeza zonse, kuphatikizapo stabiliser, kashiamu, ayironi, mkuwa (kopa) ndi phosphate, zimene zoyezera zazing'ono za pakhomo sizionetsa. Madziwo atungidwe m'botolo loyera lotsukidwa ndi madzi a m'dziwe momwemo, mkono utamira mpaka m'chigongono, kutali ndi timipopi tobwezera madzi ndi choyandama cha mapilitsi, pampu itayenda kwa ola limodzi, ndipo akayezedwe tsiku lomwelo botololo lisanakhalitse padzuwa.